Kaadaputa ka ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe abwana anatseka shopu yathu ku Balaka. Ntchito yanga inali yotayipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi mapepala a kusukulu, koma makasitomala anali atatha. Abwana analibe chondipatsa potsanzikana, ndiye anangondisiyira laputopu yomwe ndinkagwirira ntchito. Inali yakale, yolemera ngati njerwa, batire lake losasunga moto. Pa intaneti inkalowa ndi chingwe basi, chifukwa wayifayi yake ya m'kati inali itafa kalekale.

Ndinayamba ndapita kwathu ku Chikweo kukasiya mwana wanga Zainabu, wa zaka zinayi, m'manja mwa amayi. Bambo a mwanayu tinali titasiyana. Amayi sanandiletse. Anangofunsa ngati chikatundu cholemeracho ndipita nacho.

"Ndizidzakuonerani pomwepa, amayi," ndinatero. "Achimwene a Imrani ali ndi foni yaikulu. Muzidzapita nawo pamsika pomwe netiweki imagwira."

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wokalamba, ndipo anandipatsa kachipinda kuseri. Lero anthu akamandifunsa kuti chinandivuta kwambiri n'chiyani, amayembekeza kuti nditchula kuzizira kapena apolisi. Koma chinali kusowa woyankhula naye. Sabata inkatha ndisanatulutse mawu a Chichewa kapena Chiyao, kupatula popemphera. Foni yanga inali yamabatani, ndipo mayunitsi oimbira kumudzi ankatha moni asanathe. Yaikulu sindikanagula, chifukwa malipiro ankapita kumudzi asanatenthe n'komwe m'manja: feteleza, sopo, mankhwala.

Adona anga, mayi wokalamba uja, anandilola kugwiritsa ntchito wayifayi ya pakhomopo. Ndinatsegula laputopu, koma sinaone kanthu. Mtsikana wa ku Zimbabwe wogwira ntchito nyumba yoyandikana anandiuza kuti kuli kachipangizo kotchedwa adaputa, kolowetsa pomwe timalowetsa fulashi, kamene kamakoka wayifayi.

Tsiku langa lopuma ndinalowa m'sitolo yaikulu. Ndinachita manyazi kutulutsa chilaputopu changa pakati pa zinthu zonyezimira, choncho ndinangoloza kabokosi kokongola kolembedwa kuti kamathamanga kwambiri. Nditafika kuchipinda n'kukalowetsa, laputopu inangolira kamodzi n'kunena kuti chipangizocho sikuchidziwa. Pepala la m'bokosimo linkati pulogalamu yoyendetsera kachipangizoko ndikaitenge pa intaneti, intaneti yomweyo imene ndinalibe. Nditabwerera nako, wogulitsa anati bokosi lotsegula sabweza. Mwezi umenewo kumudzi ndinatumiza ndalama zoperewera, n'kunamizira kuti malipiro achedwa.

Panapita miyezi ndisanayesenso. Kenako kumzikiti ndinamva za Che Yusufu, bambo wa ku Nselema wokonza mafoni ndi makompyuta m'kakontena pafupi ndi siteji ya mateksi. Ulendo uno laputopu ndinapita nayo. Anaiyatsa, anawerenga za m'kati mwake, kenako anayang'ana kabokosi kanga kaja.

"Chemwali, aka si kabodza iyayi," anatero. "Kangokhala ka makina atsopano. Yanuyi ndi nkhalamba, imafuna kogwirizana ndi msinkhu wake."

Anandionetsa kuseri kwa bokosi, pomwe amalemba mitundu ya makompyuta omwe kachipangizo kamagwirizana nawo. Anati ndisamayang'ane liwiro, ndiziyang'ana pamenepo. Anatulutsa kena kotchipa, kakang'ono ngati chikhadabo, kokhala ndi kachimbale kake ka pulogalamu m'bokosi momwemo. Mwamwayi, polowetsa zimbale pa laputopu yanga pankagwirabe ntchito.

"Kokhala ndi mlongoti kamakoka patali, koma inu ndinu wapaulendo, kadzathyokera m'chikwama," anatero. "Ndipo musandilipire tisanakayese pano, muone ndi maso anu."

Anakalowetsa, kachimbale kanazungulira, ndipo mayina a mawayifayi a m'deralo anayamba kutuluka m'ndandanda. Ndinakhala pampando wake wapulasitiki, misozi ikungotsika. Che Yusufu ananamizira kufunafuna sikuludiraiva.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu masana achimwene ankakweza amayi ndi Zainabu panjinga kupita nawo pamsika. Chithunzi chinkaima kenako n'kuyenda, mawu ankafika mochedwa. Ine ndinkakhala pakhonde la adona, pomwe panali maluwa, kuti asaone kachipinda kanga. Za bondo lomwe linkatupa ndi kukolopa sindinkanena. Amayi ankamwetulira n'kumafunsa ngati ndikudya. Zainabu ankakhala atawagwira mkono, osawasiya, ndipo ine ndinkati ndi manyazi a mwana. Tikamaliza ndinkatseka laputopu, kachipinda kaja n'kukhala zii kuposa poyamba.

Ndinakhala zaka zitatu. Adona atamwalira, ana awo anagulitsa nyumba, ndipo ntchito ina sinapezeke. Ndinakwera basi ndi zikwama ziwiri. Pa Balaka ndinapeza kuti pomwe panali shopu yathu akugulitsapo zovala za kaunjika. Sindinaime. Ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, kenako ya ku Nselema, n'kumalizira pa njinga yamoto.

Nditafika, amayi anali pakhonde akutola nandolo pamphasa. Ndinaima patsogolo pawo penipeni. Sanadzutse mutu. Manja awo ankangofufuza pamphasapo.

"Ndani waima apo?" anafunsa.

Zainabu anatuluka m'nyumba, wamtali, woonda. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anagwada pafupi ndi agogo ake n'kuwanong'oneza m'Chiyao kuti ndi amama aja a pafoni. Amayi anatambasula manja molakwika, chakumanzere kwanga. Maso awo onse awiri anali atayera ndi ng'ala.

Achimwene anandifotokozera tili kuseri kwa nyumba, akuyang'ana pansi. Maso anayamba kuvuta chaka choyamba chomwe. Pomwe ine ndinkapeza adaputa yoyenera, amayi anali akungoona mbuu. Pamsika paja achimwene ndi amene ankawatembenuza nkhope kuti iloze kufoni. Zainabu kusukulu ankapita mwa apo ndi apo, chifukwa ndi iye ankawatsogolera kuchimbudzi, kumjigo ndi kumaliro. Kuchipatala amayi anapitako kamodzi, anauzidwa kuti adzabwerenso madokotala a maso akadzafika, ndipo ndalama za ulendo wachiwiri zinathera pa feteleza.

Ndinabwerera pakhonde n'kukhala pamphasa. Ndinali nditakwiya, koma sindinadziwe womukwiyira.

"Amayi, bwanji simunandiuze? Masabata onse aja ndinkati mukundiona."

Anapeza dzanja langa n'kulisisita, zala zawo zikuima pomwe khungu linakakala ndi mankhwala ochapira.

"Ndinawaletsa ndine," anatero. "Tikanakuuza ukanabwera. Ndiye ukanabwera, mwanayu akanadya chiyani?"

Zainabu anabweretsa madzi m'kapu, anawagwiritsa agogo ake m'manja bwinobwino, kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa mwaulemu, ngati mmene amafunsira mlendo, kuti ndibwerera liti.