Dzanja la Apongozi pa Phazi la Tadala

Chizindikiro choyamba chinali kuzizidwa. Ndinabereka Tadala, mwana wanga woyamba, mu Juni chaka chatha, ndipo popeza kwathu kuno kumtunda kwa Nsipe imeneyo ndi nyengo yachisanu, palibe anadabwa kuona ndikunjenjemera. Ndinali ndikadali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe, ndikungokhala m'nyumba ndi apongozi anga, amayi a mwamuna wanga, amene ankandiphikira ndi kundisambitsira mwana. Koma kuzizidwako kunkabwera ndi kutentha thupi, m'munsi mwa mimba mukupweteka, ndipo zotuluka kumusi zinayamba fungo. Ndinkaganiza kuti umu ndi mmene zimakhalira mayi akachira.

Mchombo utagwa, bambo a Tadala ananditengera panjinga kuchipatala chaching'ono chapafupi. Kwathu kuno thupi likatentha timati malungo, ndiye titafika tinangonena kuti malungo. Anandibaya chala, tinadikira pabenchi, kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mzere umodzi. Anati malungo palibe. Anandifunsa ngati pali vuto lina, koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, abambo omwe, ndiye ndinangoti ayi. Tinabwerera ndi panado.

Sabata yomweyo tulo tinanditha. Si kuti mwana ankavuta, ayi, Tadala ankagona bwinobwino. Ine ndiye ndinkangoyang'ana: chitseko, zenera, pachifuwa pa mwana ngati pakukwera ndi kutsika. Magalimoto akamadutsa mumsewu wa tala kumusi kwa mudzi, ndinkamva ngati akutchula dzina langa. Kenaka kunabwera mawu. Anali mawu a mzimayi, osakalipa, ongonena mofatsa kuti, "Mwanayo abwera kudzamutenga." Ndinkatembenuka, palibe munthu. Ndinasiya kudya zimene sindinaone zikuphikidwa. Ndinkalankhula mothamanga mpaka malovu kuuma, anthu osamva chimene ndikunena.

Tsiku lina masana anandipeza m'munda wa mbatatesi, nditakhala pakati pa mizere, mwana ndamufunditsa zitenje zonse zimene ndinali nazo, kumutu komwe, dzuwa lili paliwombo. Zambiri za tsikulo ndinachita kuuzidwa. Chimene ndimakumbukira ndi manja a apongozi akuvundukula zitenjezo, ndi Tadala ali thukuta lokhalokha, akupuma mobanika.

Kuyambira pamenepo mwana anandilanda. Sindiwaimba mlandu, ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi. Tadala ankakhala kunyumba kwa apongozi. Nthawi yoyamwa ikakwana ankabwera naye, n'kukhala pafupi nane pamkeka, mwana ali pabere, iwo atagwira kaphazi kake. Ankangogwira phazilo mpaka mwana atakhuta, n'kumutenga. Ndipo mawu aja ankati, "Waona? Si ndinakuuza?"

Bambo a Tadala anafuna kuti tibwerere kuchipatala, koma amayi awo anakana. "Kuchipatala munapitako kale," anatero. "Anamuyeza, sanapeze kanthu. Mzere umodzi uja unauona wekha. Izi si zachipatala, izi ndi zakumudzi." Palibe anawatsutsa, chifukwa tonsefe tinkakhulupirira kuti kachipangizo kaja kakakana ndiye kuti magazi ali bwino ndipo chipatala chamaliza mbali yake. Ena anayamba kunena kuti mwamuna wanga wandidula, kuti anayenda ndi mkazi wina ine ndili m'chikuta. Analumbira, analira, mpaka anasiya kupita kumsewu kukagulitsa mbatatesi chifukwa cha maso a anthu. Kunabwera opemphera. Kunabwera zofukiza. Thupi linkangotenthabe. Ndipo ndinamva apongozi ndi achibale akukambirana pakhonde kuti zikapitirira, Tadala apite ku Bwanje kukaleredwa ndi alamu anga, ine andibweze kwathu. Amenewa sanali mawu a m'mutu. Anali enieni.

Chinandipulumutsa ndi sikelo. Tsiku loyezetsa mwana litafika, apongozi anamubereka okha n'kupita, ine ananditsekera m'nyumba ndi mwamuna wanga. Iwo eni amafotokoza kuti namwino atangoona gogo ali ndi khanda anafunsa, "Mayi ake ali kuti?"

"Akudwala, koma si za kuno. Munamuyeza kale."

"Tinamuyeza chiyani?"

"Malungo."

"Amayi, kachipangizo kaja kamaona malungo basi. Sikaona chiberekero, sikaona mutu. Mwanayu ndimuyeza, koma mayi ake ndiwaone lero lomwe."

Apongozi amati anabwerera akung'ung'udza njira yonse kuti ana amasiku ano alibe ulemu, koma atafika pakhomo anauza mwana wawo kuti afune galimoto.

Namwino uja atandiona sanachedwe nane, ananditumiza kuchipatala chachikulu cha boma lathu. Kumeneko anapeza kuti m'chiberekero munali matenda amene anali atayamba kulowa m'magazi. Anandiika dilipi ndi mankhwala a jakisoni. Masiku oyambirira ndinkafuna kuzula dilipiyo, ndikuganiza kuti akundithira poizoni, mpaka anandipatsa mankhwala ogonetsa. Ndinagona tulo toyamba m'masabata angapo.

Moyo wa m'wodi ndi kudikira. M'mawa anamwino ankayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Okolopa akafika, magadiyani onse ankatuluka panja ndi mabeseni awo. Kenaka tinkadikira adokotala, kenaka mankhwala, kenaka phala. Apongozi ndiwo anali gadiyani wanga. Ankayala chitenje pansi pafupi ndi bedi, Tadala ali pambali pawo, ndipo poyamwitsa dzanja lija linkabwerera paphazi.

Thupi linazizira, fungo linatha, koma mawu aja sanachoke. Apa ndi pamene anaitana adokotala oona za matenda a maganizo. Anali bambo wofatsa, anakoka mpando n'kukhala, nandifunsa ngati ndimamva zimene ena sakumva. Palibe anali atandifunsapo funso limeneli. Ndinalira, ndinawauza zonse.

Zimene anatifotokozera ndizilemba mmene ndinazimvera, poti sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Anati m'thupi muli asilikali olimbana ndi matenda. Mayi akakhala woyembekezera, asilikaliwa amafatsa kuti asalimbane ndi mwana ali m'mimba, ndipo akabereka amadzukanso mwamphamvu. Anga atadzuka anapeza matenda m'chiberekero, nkhondo inakula, ndipo nkhondo yotere sithera pamalo amodzi, ubongo nawo umaimva. Kuphatikiza kusagona ndi kusintha kwa thupi mayi akachira, maganizo akhoza kusokonezeka. "Sitikudziwa zonse," anatero. "Akatswiri akufufuzabe mmene chitetezo cha m'thupi chimakhudzira ubongo, ndipo amayi ena amadwala chonchi thupi lisanatenthe n'komwe. Koma awa ndi matenda, ndipo amachizika, makamaka mukabwera msanga."

Apongozi anafunsa, "Ndiye mwana wanga uja sanamudule?"

"Za kudula sindinaphunzire, amayi. Chimene ndikuona ine pano chili ndi mankhwala ake."

"Nanga mkaka wake sungapatsire mwanayu misala?"

"Sungapatsire. Ndipo mankhwala ndisankha oti aziyamwitsa akumwa. Musamuchotse mwana kwa mayi ake, ingokhalani pafupi mpaka apeze mphamvu."

Mankhwalawo sanali ophweka. Thupi linkalemera, kukamwa kuuma, ndipo ndinkawodzera ngakhale ndikudya. Koma mawu aja anayamba kuchepa pang'onopang'ono ngati wailesi imene mabatire akutha, mpaka m'mawa wina ndinamva galimoto ikudutsa panja, ndipo inali galimoto basi.

Ananditulutsa chakumapeto kwa Julayi, n'kundiuza kuti ndizibwera mwezi ndi mwezi kudzaonedwa ndi kutenga mankhwala. Za ku Bwanje palibe anazitchulanso, koma Tadala ankagonabe kwa apongozi, ndipo dzanja linali paphazi pomwepo. Sindinadandaule. Kunena zoona, ine ndemwe ndinkadziopa. Ndikamunyamula ndinkakumbukira thukuta lake m'munda muja. Ndinkadzifunsa ngati munthu amene mutu wake unamunamizapo angaukhulupirirenso.

Mu Okutobala, anthu akusosa minda, tsiku langa lachipatala linakumana ndi la sikelo. Ndinavala n'kutuluka panja kudikira apongozi kuti abereke mwana monga mwa nthawi zonse. Anatuluka naye m'manja, chitenje chili paphewa, koma iwo asanasinthe zovala zakumunda.

"ANanyoni," anandiitana ndi mfunda wanga, "weramani."

Ndinawerama. Anamuika Tadala pamsana panga, anakulunga chitenje, n'kumanga okha pachifuwa panga, mfundo yolimba.

"Msana wanga watopa," anatero. "Mwana ali ndi amake. Pitani, minibasi ikusiyani."

Anagwira kaphazi kaja pang'ono ngati akukonza chitenje, kenaka anakasiya, n'kutola khasu. Ndinatsika njira yakumsewu ndekha, timapazi tiwiri tikundimenya m'nthiti, ndikulira mwakachetechete mpaka pasiteji.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimathandiza bambo a Tadala kugulitsa mbatatesi, ndimagona tulo. Mankhwala adokotala akundichepetsera okha, sindinasiye ndekha, ndipo anandiuza kuti ndikadzakhalanso woyembekezera ndidzawadziwitse msanga, chifukwa matendawa amatha kubwereranso. Alipo amene amandiyang'anabe m'mbali kuchitsime. Ndimawapatsa moni.

Kwa amayi anzanga ndi amene mukusamala mayi wongochira kumene: thupi likatentha, kumusi kukanunkha, tulo tikasowa mwana ali chigonere, kapena akayamba kumva ndi kuopa zimene inu simukuziona, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Mzere umodzi umangonena kuti malungo palibe. Sunena kuti munthu sakudwala. Ife tinataya masabata chifukwa cha mzere umenewo, ndipo pang'onong'ono ndikanataya mwana.

Tadala wayamba kuyenda tsopano. Amathamangira nkhuku pabwalo, agogo ake ali pambuyo wefuwefu, ndipo kaphazi kaja palibenso amene angakagwire.