Ndinaotcha Asilikali a Amuna Anga

Ine mayo, ndinalakwa ndikuimba, ee, ndikuvina! Amuna anga anamenya nkhondo ku Bama kalekale. Atakalamba ankaumba asilikali adothi n'kuwafoletsa pakhonde, anzawo utoto wobiriwira, adani wofiira, wogula ku Chiringa, aliyense ndi dzina lake.

Mdzukulu atabadwa, chimwemwe chinandizunguza mutu. Pootcha mbiya zanga ndinati asilikali aja nawonso alimbe, ndinawaponya pamoto onse. Utoto unapsa, anatuluka bii, mnzawo ndi mdani osasiyana.

Tsopano manja a amuna anga amanjenjemera, sangaumbenso, ndipo maina akuwathawa.

"Mayi a Esinati, Makwinja uja anandibereka kumsana nditavulala ndi uti?"

Ine mantha, ndimangoloza aliyense. Dzulo wamfupi, lero wamtali. Iwo amamupukuta ndi malaya awo, n'kundithokoza.