Mai Esime Jobu ndi Nkhumba Zokwera Zokha Lole

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwezi wathawu tinaika m'manda Mai Esime Jobu, ndipo nkoyenera kuti ana athu amve za moyo wao.

Anabadwa mu 1953 pa famu ina kufupi ndi Chegutu, kuno ku Zimbabwe. Bambo ao, ochokera ku Ntcheu, anali woweta nkhumba za pafamupo, ndipo Esime anakula akutunga madzi a m'khola. Kumeneko anaphunzira kuti nkhumba situluka thukuta: ikasowa mthunzi ndi madzi, dzuwa limaipha. Anakwatiwa ndi a Simoni a ku Rimuka m'tauni ya Kadoma, ogwira ntchito mu mgodi, nabereka ana asanu. Amuna ao atamwalira ndi chifuwa, anabwerera ku Chegutu ndi nkhumba ziwiri zazikazi.

Khola lao linali losauka koma loyera. Yoyembekezera ankaiyalira udzu. Sanalole munthu kukoka nkhumba khutu kapena kuimanga miyendo ndi waya. “Mulungu anatipatsa kuti tidye,” ankatero, “sanatipatse kuti tizizunza.”

Ulendo wopita kophera ku Kadoma ukayandikira, sabata yonse ankazidyetsera gaga pathabwa lokwerera. Tsikulo lole inkafika dzuwa lisanakwere, iwo n'kutsogola ndi ndowa akung'ung'udza nyimbo ya m'kachisi, nkhumba n'kukwera zokha. A Pardon, mwini butchala, ankatenga zao poyamba chifukwa nyama yake inalibe mikwingwirima.

Nsanje inayambira pamenepo. Mai Juliet Chalo, oyandikana nao nyumba, mnzao wa m'chigwirizano cha amai, nawonso ankaweta. Zao zinkakwezedwa ndi zikwapu, zikulira mudzi wonse n'kumva, ndipo kawiri a Pardon anazikana ponena kuti nyama yake ndi yotuwa, yamadzimadzi. Mai Chalo ankaima pampanda akuyang'ana lole ikudutsa pakhomo pao. Anagula gaga yemweyo, anamanga khola loposa la anzao, koma sizinasinthe. Potsiriza anapita kwa akulu a mpingo nanena kuti nkhumba simvera munthu popanda mankhwala, ndipo nyimbo ija ndi chophimba chabe.

Tiyenera kuvomereza ndi manyazi kuti ambiri tinakhulupirira, poti ena a ife zathu zinali zitakanidwanso. Mai Jobu anaimitsidwa pa Mgonero wa Ambuye. Anangopempha kuti akulu abwere adzaone m'khola, koma palibe anapita. Zaka zinayi ankakhala pa benchi la kumbuyo, chikho chikuwalambalala, koma sanajombe Sabata ngakhale limodzi. Mwana wao wamkazi atawauza kuti asamukire mpingo wina, anayankha kuti gome lija si la akulu a mpingo, ndipo adzadikira Mwini wake.

Mu Okutobala chaka chatha Mai Chalo anakweza nkhumba zisanu ndi zitatu masana dzuwa lili paliwombo, zomangidwa miyendo. Lole inafera pamsewu pafupi ndi nyumba ya Mai Jobu. Ziwiri zinafa pomwepo. Mai Jobu, amene anali atayamba kale kudwala, anatuluka ndi ndowa ndi masaka onyowa, nadula mawaya, nakhala padzuwapo mpaka zisanu ndi imodzi zinadzuka.

“Mukuchitiranji zimenezi, inu?” anafunsa Mai Chalo.

“Gwirani ndowayi, achemwali. Muzithira kumiyendo, osati kumutu.”

Mai Chalo anasunga nkhaniyi mumtima miyezi itatu. Atamva kuti anzao sakudzukanso, anaima pamaso pa akulu nanena kuti mankhwala aja sanawaonepo, chimene anaona ndi lole yodutsa pakhomo pao. Tsiku lomwelo abusa ndi a Obed, mkulu wa mpingo, ananyamula mkate ndi chikho kupita kwa wodwalayo. Mai Chalo anawatsatira koma anatsalira pakhonde, poti tsopano woimitsidwa anali iwo chifukwa cha bodza lija. Mai Jobu anakana kulandira mpaka anzao atalowa ndi kugwada pambali pa mphasa. Pamenepo abusa anawapatsa Mgonero onse awiri.

Patapita masiku asanu Mai Jobu anagona mwamtendere, ana ao akuimba.

Kumanda Mai Chalo anapemphedwa kunena mau. Anaimirira, napukuta maso ndi nsalu.

“Mai amenewa anandiposa pa chilichonse,” anatero. “Ndimati ndikapepese, ndinapeza andikhululukira kale. Ngakhale pamenepo ananditsogolera.”

Ambuye awapumitse, ndipo ife otsala atichiritse maso.