Madzi a Mpunga a Shefali

Mwamuna wa Shefali atamwalira, abale ake anagulitsa chida chake choombera nsalu misozi isanaume n'komwe. Kwathu kuno ku Tangail mkazi wamasiye amatsala pakhomo pa apongozi, koma mphika amadziwonera yekha. Wa Shefali unali wouma, ndipo anali ndi mwana wamkazi wapasukulu, dzina lake Tuni.

Masana alionse ankatenga beseni n'kukaima pakhomo pa khitchini ya Parul, mkazi wa mkulu wake wa malemuyo.

"Alamu, madzi a mpungawo musataye. Ndikufuna ndilimbitsire sari yanga."

Tonse timadziwa kuti madzi okhetsa pa mpunga wowira ndiwo amalimbitsa nsalu ya thonje. Tonse tinkadziwanso kuti sari ya Shefali, nsalu yaitali imene amayi kuno amavala, sinalawepo madzi amenewo. Ankawathira kamchere ndi tsabola, n'kumwa ndi mwana wake atatseka chitseko.

Parul anali ndi maganizo ake. M'bale wake wina mumzinda wa Dhaka ankafuna mtsikana wantchito.

"Mlekeni Tuni apite. Kumeneko akadya mpunga weniweni, osati thukuta lake."

Shefali anakana.

Tsiku lina beseni linabwerera madzi ake ali obiriwira.

"Ndakuthirirani kale buluu, alamu, kuti sariyo iwale," anatero Parul mokweza, amayi a pampope akumva. "Si paja mumati ndi ochapira? Kapena sari yanuyo ili ndi mimba?"

Amayi aja anaseka.

"Basi ya ku Dhaka ndi Lachisanu," anawonjezera Parul. "Tuni mumuchapire zovala."

Sindithamangira kunena kuti Parul anali woipa mtima. Nayenso anali ndi ana ambiri, ndipo mwina ankaona ngati akupulumutsa mwanayo. Koma tsiku limenelo Tuni sanalawe kanthu.

Kutaya madziwo kukanakhala kuvomera. Choncho Shefali anatulutsa sari yake ina, naiviika m'besenimo anthu onse akuona. Anaifinya, naiyala pa udzu, n'kumakoka m'mbali pang'onopang'ono monga ankachitira ndi nsalu zatsopano za mwamuna wake. Itauma inaima ngati pepala.

Mphunzitsi wina wa Tuni, Mayi Hosne Ara, anaima panjira n'kuigwira ndi zala.

"Wakukonzera ndani imeneyi?"

"Ndakonza ndekha, aphunzitsi."

"Zanga zimabwera kochapitsa zili lende ngati masamba ofota. Ndikubweretsere?"

"Bweretsani. Koma ndalama ayi. Mundipatse mpunga, ngakhale wosweka uja wa nkhuku."

Mpungawo anaphika, iye ndi Tuni nadya. Madzi ake anapita ku sari za aphunzitsi. Lachisanu basi inanyamuka popanda Tuni.

Musaganize kuti zinthu zinayera pomwepo. Dzinja litafika nsalu zinkakana kuuma. Sari ina inachita nkhungu, mwini wake nabwera kudzamulalatira pabwalo, kumutcha wamasiye watsoka. Zala za Shefali zinang'ambika. Pokasita ankabwereka simbi ya makala kwa telala, yemwe sankalephera kumukumbutsa kuti ndi chifundo chabe. Nthawi zina mpunga unkatha ntchito isanabwere, Parul n'kuyambiranso nyimbo yake ya ku Dhaka.

Shefali ankangoyankha kuti, "Mwanayu mawa ali ndi sukulu, alamu."

Aphunzitsi anauza anzawo, anzawo nauza akazi a madokotala. Patapita zaka, eni masitolo anayamba kumutumizira mitolo ya sari zatsopano chikondwerero cha Eid chikamayandikira. Lero ali ndi shedi yake ya malata, ndipo amagwira ntchito ndi amayi ena amasiye. Tuni anamaliza sukulu ali pakhomo pa mayi ake, pano akuphunzira unamwino.

Amayi a pampope aja amabwera ndi sari zawo, n'kumati, "Ife ndi anansi, titsitsireko." Shefali amawatsitsira mtengo. Kuseka nawo sanayambe, ndipo ine sindimuweruza.

Inu amene mukuwerenga mphika uli wouma, sindikunamizani kuti abale adzakumverani chisoni. Ena adzakusekani, ena adzakuuzani kuti mupereke chimene mumachikonda kwambiri. Kanani, gwirani kantchito kamene manja anu akudziwa, mawa mudzukirenso komweko. Mtima wokhawo musautaye.