Katiriji Yotsala kwa Azakhali

Anzanga amaweta nkhunda, ena amasunga malaya a matimu a mpira. Ine ndimasonkhanitsa magemu akale a pa TV, aja a m'makatiriji achikasu omwe umayamba wauzira mpweya kuti agwire ntchito. Mkazi wanga amati ndi misala, ndipo sinditsutsa. Gemu ikakhala ya magawo angapo, mtima sukhala pansi mpaka onse atakwana pa shelefu.

Matendawa ndinawatengera kwa achimwene anga. Chaka china fodya atayenda bwino, anabwera kuchokera ku Mponela ndi kamakina ka gemu ndi bokosi la makatiriji, iliyonse pamalo pake ngati mazira m'thireyi. Atamwalira, katundu wawo anagawidwa monga mwa mwambo: njinga kwa amalume, jekete kwa msuweni. Akuluakulu ogawawo anayesa kuti makatiriji ndi makaseti a nyimbo, n'kupatsa aliyense imodziimodzi kuti pasakhale wodandaula. Ine anandipatsa makinawo ndi bokosi lopanda kanthu. Ndinapsa mtima, koma pamaliro sukangana.

Chogawidwa pamaliro sichiitanitsidwa. Ndiye patapita zaka ndinayamba kuyendera abale ngati mlendo wamba, shuga m'manja, kucheza mpaka nkhani ifike yokha. Ndinakwera mapiri a Dowa, n'kudya m'makomo amene ndinali nditawaiwala njira. Amalume anali atachirikizira katiriji yawo mwendo wa tebulo. Anandiseka kwambiri, koma anandipatsa. Bokosi linadzaza, kutsala malo amodzi.

Yotsalayo inali ku Kasakula kwa azakhali, amene analera achimwene ali mwana. Ndisanatsegule n'komwe chikwama changa, anaitulutsa m'sutikesi itakulungidwa m'kansalu.

"Ndamva kuti ukuzungulira abale kutolera za malemu," anatero. "Kuno usayerekeze. Chimene ndinatsala nacho n'chokhachi."

"Kodi mukudziwa zili m'katimo, azakhali?"

"Nyimbo. Wailesi yake ndiyo ndilibe."

Tinabwereka TV ya sola kwa aneba, ndinalumikiza makina aja. Ndinauzira katiriji n'kuilowetsa, koma zii. Ndinauziranso, thukuta lili kamukamu, poopa kuti yafera m'sutikesi. Kenaka kanyimbo koyambira gemu kanalira, kopyapyala ngati ka udzudzu. Azakhali anagwira pakamwa.

"Kameneka! Ndi kamene malemu ankaimba mluzu posankha fodya m'chigafa. Ine ndinkayesa n'ka kukwaya."

Kamunthu kodumphadumpha pa TV paja sanakayang'ane n'komwe. Ankangoti ndizimitse, ndiyatsenso, kayambirenso. Ineyo mluzu uja ndinali nditauiwala, ndipo ndinalira ngati maliro achitika dzulo. Kupempha katiriji ija kunandikanika.

Titatha anaikulunga n'kuibweza m'sutikesi. "Ukafuna kuti zikwane, mwanawe, uzibwera nazo kuno."

Kunyumba kwanga bokosilo likadali ndi malo amodzi opanda kanthu, ndipo kwa munthu wa matenda angawa zimenezi zimayabwa. Komabe akuluakulu aja, amene sanadziwe chimene ankagawa, ndimawathokoza ndi mtima wonse: anandigawira abale. Chaka chilichonse tikakolola ndimanyamula bokosi ndi makina kukwera ku Kasakula. Azakhali amaika okha katiriji pamalo pake, n'kuwerenga ndi chala ngati anapiye. Akatero amaitulutsanso n'kundipatsa kuti ndiuzire.

"Zakwana," amatero. "Tsopano yatsa, ndimumve mwana wanga."