Nkhuku Inaponda, Chigongono Changa Ayi

Inu owerenga, mkono wanga wamanja ndinauwononga ndekha madokotala ataukonza kale. Mpaka lero ndikamaganiza mutu umandiima, chifukwa tsiku limenelo ndinkaona ngati ndikuchita zanzeru.

Ndinali tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chisepo. Zinali zaka zija zipani zambiri zitangoyamba kumene, aliyense pakamwa patatseguka, ngakhale pa nkhani imene sakuidziwa. Tsiku lina ndikupachika fodya m'chigafa, mtengo umene ndinaponda unathyoka. Ndinafikira dzanja, chigongono n'kuguluka.

Anzanga ananditengera kwa mkulu wina wa ku Dzoole wodziwa kulunzanitsa mafupa. Kachitidwe kake ndi aka: umapita ndi nkhuku, iye amaithyola mwendo, kenako amakumangani nonse awiri, iwe ndi nkhukuyo, ndi timitengo ndi mankhwala amodzimodzi. Tsiku limene nkhuku yaponda pansi, ndiye kuti nawenso wapola. Anandikoka mkono mpaka fupa linabwerera m'malo. Nkhuku itaponda, ndinamasula n'kubwerera kumunda.

Koma chigongono sichinakhalenso ngati kale. Ndikati ndidzuke pamphasa motsamira dzanja, fupa linkatuluka n'kubwerera lokha. Khasu linkandipulumuka. Ena ankati ndalodzedwa, ena ankati ndinalakwitsa nkhuku, inkafunika yakuda. Ine ndinkangovomera zonse, mpaka fodya wina anakhwima.

Mkazi wanga ndiye anandikakamiza kupita kuchipatala, ndipo kumeneko ananditumiza ku Lilongwe, komwe kunabwera dokotala wa mafupa wochokera kunja. Kudzera mwa namwino womasulira, dokotalayo anati fupa silinathyoke n'komwe. Chinaduka ndi mtsempha umene umagwira mafupa a pachigongono, ngati luzi pa mitengo ya chigafa. Anati adzachotsa mtsempha wina kuseri kwa bondo langa, adzaboola mafupa a pachigongono, n'kuumanga pamenepo.

Apa ndinasokonezekeratu. Chikupweteka ndi chigongono, iwo akufuna mwendo? Kenako ndinati, paja mkulu wa ku Dzoole uja anayambanso ndi mwendo. Mwina nzeru yake ndi imodzi, kungoti kuno nkhuku ndine ndemwe.

Opaleshoni inayenda bwino. Anandiika chikhakha, ndipo tsiku lochotsa namwino anandiyang'ana m'maso. "Bambo, mkonowu muziupinda ndi kuuwongola pang'onopang'ono, koma musanyamule cholemera mpaka mvula itagwa." Ndinati ndamva. Chifukwa chake sindinafunse, ndinkachita manyazi kuoneka mbuli.

Bala la pabondo linapola msanga, ndinayamba kuyenda osatsimphina. Nthawi yodinda fodya itakwana, kapitawo anayamba kundinena kuti ndikudya chimanga cha abwana nditangokhala, ndipo nyumba imene tinkagona akhoza kupatsa banja lina. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinayang'ana mwendo wanga. Waponda. Ndiye ngati mtsempha unachokera m'mwendo womwewu, ndipo mwendowo wapola, chatsala n'chiyani?

Mkazi wanga anandigwira malaya pakhomo. "Bambo a Yosefe, paja anati mpaka mvula." Ndinamuyankha kuti za mafupa sakuzidziwa.

Ndinagwira chitsulo cha jeke yodindira mabelo n'kukoka ndi mphamvu zonse. Ululu sunabwere pomwepo. Ndinangomva chinachake chikuduka mkati, mkono n'kulendewera.

Ku Lilongwe ndinapeza dokotala uja atabwerera kwawo. Amene analipo anandiuza kuti mtsempha watsopano unali usanagwirane ndi fupa, kuti khungu limapola msanga koma zam'kati zimachedwa. Wobwereza opaleshoniyo panalibe. Fodya atatha kugulitsidwa, pa esiteti anatichotsa.

Sindikunyoza mkulu wa ku Dzoole, ndinaonapo anthu othyoka mafupa akuchira kwa iye. Koma langa silinali fupa, ndipo ine ndinatenga lamulo la uku n'kukaweruzira za uko. Inu anzanga, mukauzidwa kuti dikirani, funsani kuti mukudikira chiyani. Funsani mpaka mumvetse, ngakhale akuoneni wopusa. Musayeze kuchira kwanu pa chinthu china, kaya ndi mwendo wanu womwe.

Lero amalima ndi mkazi wanga ndi Yosefe. Ine ndimatsala pakhomo kulondera mtedza woyanika, n'kumathamangitsa ndi dzanja lamanzere zidzukulu za nkhuku ija. Iyo inakalamba ikuyenda bwinobwino.