Katope wa Apongozi Anga

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, ndiye zolemba zangazi musaziseke. Koma pakamwa ayi, pakamwa ndinapatsidwa. Ndikayambitsa nyimbo m'tchalitchi kuno ku Nambuma, ochedwa amene akadali kumsewu amadziwa kuti Misa yayamba.

Pamudzi pano ndinabwera ngati mkamwini. Apongozi anga aakazi anatipatsa dimba kudambo, ndipo kumutu kwa dimbalo kunali kasupe wozunguliridwa ndi mitengo ya katope. Madzi ake sankaphwa ngakhale mu Okutobala. Mpiru, tomato, mondokwa wa chilimwe, zonse tinkadya za pamenepo.

Tsiku lotilozera malire, apongozi sakanayankhula ndi ine maso ndi maso, mwambo sulola. Anaima chapatali, nkhope atalozetsa kumbali, n'kuuza mwana wawo ine ndili pomwepo: "Uwauze bambowa, nkhwangwa isafike pa katopeyu. Madziwa ndi a Mulungu, ife tikungomusungira."

Ndinamva. Makutu anga onse awiri anali bwinobwino.

Patapita zaka, fodya anandichitira bwino, mtima unakula. Ndinafuna chigafa choyanikamo fodya chachitali kuposa cha munthu aliyense, kuti eni mudzi adziwe kuti sanatole mkamwini wamba. Nsichi zabwino zinali kutali. Katope anali pafupi.

Akazi anga atandiona ndikunola nkhwangwa anafunsa, "Kodi abambo, amayi aja anati chiyani?"

"Amayi ako anauza iwe! Ine anandiuza liti?" Ndinayankha mokweza kuti ndi oyandikana nawo amve, ndipo ndinadziona wochenjera kwabasi.

Ndinagwetsa mitengo yonse ija. Mawa lake ndinakumana ndi apongozi panjira ya kudimba, akuchokera koona zitsa. Anapatukira m'tchire monga mwa nthawi zonse, kundipatsa njira. Ulemu umene uja umandiwawa mpaka lero kuposa akanandituka.

Kasupe sanaume tsiku limodzi. Chaka chotsatira anachepa, kenako panatsala matope, kenako ming'alu. Dimba linatha. Chigafa chija chiswe chinadya, chinagwa chokha. Akazi anga anayamba kukatunga kumjigo wa mudzi wina, ndowa pamutu, mamawa ndi madzulo.

Ine osagonja. Pa mapemphero a mphakati ndinaimirira, mawu anga onse aja: "Ambuye, tayang'anani amayi athu akuvutika! Tipatseni madzi pamudzi pano!" Anthu onse anayankha kuti Ambuye timvereni. Akazi anga okha anangoti duu.

Pobwerera ndinawakalipira. "Iwe, anzako akuyankha, pakamwa pako panali chiyani?"

"Ndinachita manyazi, abambo. Anatipatsa kale, eti?"



Ndinakalapa kwa bambo mfumu, chikhululukiro ndinalandira. Koma kwa apongozi kunafunika kutuma akazi anga kuti akanene kuti mkamwini wanu akuti analakwa. Mawu ochepa chabe. Ndinkati mawa, ndinkati tikakolola. Anamwalira ndisanatume.

Lero msana wa akazi anga unatha ndi ndowa zija, sawerama. Wotunga madzi ndine, zigubu ziwiri panjinga. Amuna anzanga a pabawo amandikuwa, "Akamwini, mwagula liti chitenje?" Ndimawabwezera, musaganize kuti ndinasanduka nkhosa: "Inu sewerani, akazi anu akukalamba ndi ndowa!" Amaseka, nanenso ndimaseka, koma ndikudziwa amene anayamba kukalambitsa wake.

Chigubu chimodzi chimapita kunyumba. Chinacho ndimatsikira nacho kudambo, kumene ndinabzala katope watsopano pambali pa zitsa zija, n'kumutchingira ndi minga kuopa mbuzi. Wafika m'chiuno. Ndimafukula pansi ndi chala kuona ngati pali chinyontho. Palibe.

Akazi anga sadafunsepo kumene chigubu chachiwiri chimapita. Amangondikumbutsa kuti ndithirire dzuwa litapepa.